Phunziro la Tarbiya: Chilema Chimene Mwini Wake Sachiona

Kutamandidwa konse nkwa Allah amene adalenga mitima ndipo amadziwa zonse zobisika m'menemo. Mtendere ndi madalitso zipite kwa Mtumiki Muhammad (SAW), akubanja kwake ndi maswahaba ake.

Phunziro la ulendo uno likuchokera pa funso limene limabwera kawirikawiri m'kalasi mwathu. Kodi nchifukwa chiyani munthu woti amaswali, amasala m'mwezi wa Ramadhan, amadziwa halali ndi haramu, amabwerezabe cholakwa chimodzimodzi chaka ndi chaka? Mnyamata amalonjeza pamaso pa aphunzitsi kuti sadzamenyanso mnzake, koma pakangotha masabata awiri wamenyanso. Mtsikana amalapa miseche Lachisanu, Lolemba wayambiranso. Kholo limalumbira kuti silidzalalatira mwana monga momwe linkalalatidwira lili laling'ono, kenaka limadzidzimuka kumva mawu omwewo akutuluka m'kamwa mwake. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Khalidwe nalo lili ndi khwawa lake mumtima, ndipo munthu sangalitseke asanadziwe pamene ladzera.

Mawu amene ana athu akuwapeza pa foni

Ena mwa inu mwakumanapo ndi mawu akuti shadow work pa TikTok kapena pa YouTube. Mawuwa adafala kwambiri m'chaka cha 2023, koma gwero lake ndi lakale. Adachokera ku maphunziro a Carl Gustav Jung, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Switzerland, yemwe adabadwa mu 1875 ndi kumwalira mu 1961.

Kuyambira mu 1900 Jung adagwira ntchito pa chipatala cha Burghölzli mumzinda wa Zurich. Kumeneko ankawerengera munthu mndandanda wa mawu, limodzi ndi limodzi, namuuza kuti ayankhe ndi liwu loyamba lomufikira m'mutu, iye akuyeza nthawi ndi wotchi. Adaona kuti pa mawu ena munthu amachedwa kuyankha, amachita chibwibwi kapena kuseka popanda chifukwa. Mawu oterowo amakhala atakhudza chilonda chimene mwini wakeyo sakuchidziwa. Pambuyo pake Jung adaphunzitsa kuti munthu aliyense ali ndi mbali ya khalidwe lake imene safuna kuivomereza, ndipo adaitcha chithunzithunzi, chifukwa imamutsata kulikonse ngakhale iye asaiyang'ane. Adaonanso kuti chimene munthu wachikana mwa iye mwini amafulumira kuchiona mwa anzake, nakwiya nacho mopyola muyezo. Agogo athu adaziona kale zimenezi pamene ankati anyani amasekana zikundu.

Jung sadali Msilamu, ndipo sitimutenga ngati mphunzitsi wa dini. Komabe zimene adaziona pa odwala ake zikugwirizana ndi nkhani imene maulama athu adailemba zaka mazanamazana iye asanabadwe. Iwo amaitcha tazkiyatun nafs, kuyeretsa mtima, ndipo chida chake chachikulu ndi muhasaba, kudziwerengera wekha zochita ndi zolinga zako.

Nkhani ya Abu Dharr (RA)

Abu Dharr wa fuko la Ghifar adali mmodzi wa anthu oyambirira kulowa Chisilamu. Ankadziwika ndi kunena zoona mosaopa munthu ndiponso kusakonda chuma. Tsiku lina adakangana ndi munthu wina amene mayi ake sadali Mwarabu, ndipo mkangano utakula adamunyoza potchula mayi akewo. Nkhani itafika kwa Mtumiki (SAW), adamufunsa ngati adachitadi zimenezo, kenaka adamuuza kuti mwa iye mudakali khalidwe la jahiliyya, nthawi ya umbuli Chisilamu chisanabwere. Imam al-Bukhari adalemba kuti Abu Dharr adadabwa, nafunsa ngati zimenezi zingakhale mwa iye pa msinkhu umene adafikapo. Mtumiki (SAW) adamuyankha kuti inde. Adamuphunzitsanso kuti antchito ndi abale athu amene Allah wawaika m'manja mwathu, choncho tiziwadyetsa zimene tikudya, tiziwaveka zimene tikuvala, tisawasenzetse ntchito yoposa mphamvu zawo, ndipo ikawakulira tiwathandize.

Taonani zinthu zitatu m'nkhaniyi. Choyamba, chilemacho chidali mwa munthu wolungama, woswali kumbuyo kwa Mtumiki weniweniyo. Chachiwiri, iye sankadziwa kuti ali nacho. Adachitengera kumene adakulira, kumene kunyoza munthu chifukwa cha mtundu wake kudali chizolowezi, ndipo chidagona phee kwa zaka zambiri mpaka mkwiyo udachidzutsa. Chachitatu ndi chimene adachita atachidziwa. Patapita zaka, munthu wina adakumana naye ku Rabadha, kumene adakakhala chakumapeto kwa moyo wake, ndipo adapeza kuti iye ndi wantchito wake avala zovala zofanana. Atamufunsa chifukwa chake, Abu Dharr adafotokoza nkhani yonse ija. Kulapa kwake kudaoneka pa nsalu imene wantchito wake adavala tsiku ndi tsiku.

Nkhaniyi sili kutali nafe. Pasukulu pano pali ana a mitundu yosiyanasiyana, Ayao, Achewa, Alomwe, Atumbuka ndi ena. Mwana akakwiya natchula mtundu wa mnzake, khungu lake kapena umphawi wa kwawo, mawuwo sanawapange tsiku limenelo. Adawamva kwinakwake, mwina pa mphasa ya kunyumba, ndipo adakhazikika mumtima mosadziwika.

Nafsi ndi mikhalidwe yake itatu

Qur'an yolemekezeka imatchula mikhalidwe itatu ya nafsi. Mu Surah Yusuf, ndime 53, muli nafsi imene imalamula mwini wake kuchita zoipa, yotchedwa ammara. Mu Surah Al-Qiyamah, ndime 2, muli nafsi yodzidzudzula, lawwama, imene imabwerera kudzifunsa ikalakwa. Mu Surah Al-Fajr, ndime 27, muli nafsi yokhazikika, mutmainna. Ndipo Surah Ash-Shams, kuyambira ndime 7 mpaka 10, ikutiphunzitsa kuti nafsi idadziwitsidwa zoipa ndi zabwino zomwe, ndi kuti wopambana ndi amene waiyeretsa, pamene wotayika ndi amene waikwirira m'zoipa.

Tikaphunzira ndime zimenezi timaona kuti kupeza kaduka, mantha kapena kudzikweza mumtima mwako sichizindikiro chakuti ndiwe munafiki. Umo ndi momwe munthu alili. Ngozi imayamba pamene munthu wakana kuyang'ana. Kumbukirani kusiyana kwa Adam (AS) ndi Iblis. Onse awiri adaphwanya lamulo. Adam adavomera kuti wadzichitira yekha zoipa, napempha chikhululuko, monga tikuwerengera mu Surah Al-A'raf, ndime 23. Iblis adadziona kuti ndi woposa Adam, ndipo atadzudzulidwa adaloza chala kwa Mbuye wake. Kudzikweza kwake kudaonekera tsiku limene adauzidwa kulemekeza wina.

Mphunzitsi wamkulu amene lilime lake lidauma

Imam Abu Hamid al-Ghazali adabadwira ku Tus, m'dziko limene lero ndi Iran, mu 1058. Mu 1091 adaikidwa kukhala mphunzitsi pa sukulu yotchuka ya Nizamiyya ku Baghdad, ndipo ophunzira ake adafika 300. Anthu onse ankamuona ngati munthu amene wafika pamwamba. Koma m'buku limene adafotokozamo za moyo wake, Al-Munqidh min ad-Dalal, akusimba kuti atafufuza cholinga chake pophunzitsa adapeza kuti chimene chinkamukoka ndi kutchuka ndi ulemu wa anthu. Adalimbana ndi maganizo amenewa pafupifupi miyezi 6 m'chaka cha 1095, mpaka lilime lidakanika kulankhula pamaso pa ophunzira ndipo chakudya chidasiya kulowa bwino. Madokotala adanena kuti vutolo lachokera mumtima. Adasiya udindo, napita ku Damascus, ku Jerusalem ndi ku Makka. Pa zaka zimenezo adalemba Ihya Ulum ad-Din, buku la magawo 40. Adadzayambanso kuphunzitsa ku Nishapur mu 1106, ndipo adamwalira mu 1111.

Ngati chilema chidatha kubisala mkati mwa ntchito yophunzitsa dini, chingabisale paliponse: m'kuwerenga Qur'an ndi mawu okoma, m'kupereka sadaka, m'udindo wa pulifeketi, ngakhale m'kudzudzula ena chifukwa cha machimo awo.

Njira zinayi zodziwira zilema zako

Mu Ihya, pa gawo lonena za kuphunzitsa nafsi ndi kukonza makhalidwe, Imam al-Ghazali adapereka njira zinayi kwa munthu wofuna kudziwa zilema zake.

Njira yoyamba ndiyo kukhala pafupi ndi mphunzitsi wodziwa matenda a mtima, ndi kumulola kuti akuuze zimene akuona. Kwa inu ophunzira, ameneyu angakhale shehe wa ku madrasa, mphunzitsi amene mumamukhulupirira, kapena kholo.

Njira yachiwiri ndiyo kupeza mnzako woona mtima ndi woopa Allah, nkumupempha kuti azikuuza akaona cholakwika. Wakutsina khutu ndi mnansi. Umar ibn al-Khattab (RA), ali mtsogoleri wa Asilamu onse, ankapempherera chifundo munthu womuuza zilema zake, ndipo ankaziona ngati mphatso. Koma dziwani kuti mnzanu adzakuuzani zoona pokhapokha ataona kuti simumusungira chakukhosi. Mukamukalipira ulendo woyamba, wachiwiri adzangokusekererani.

Njira yachitatu ndi yowawa: kumvetsera zimene adani ako amanena. Wodana nawe amakokomeza, komabe diso lake limaona zimene mnzako wokukonda amazibisa. Wina akakunena kuti ndiwe wodzimva, usanayankhe dzifunse ngati m'mawu ake khumi mulibe limodzi loona.

Njira yachinayi ndiyo kukhala pakati pa anthu, ndipo chilichonse choipa chimene wachiona mwa iwo uyambe wachifufuza mwa iwe mwini. Pamenepa ndi pamene al-Ghazali ndi Jung akumana, ngakhale pakati pa imfa ya woyamba ndi kubadwa kwa wachiwiri padapita zaka 764. Chizindikiro chake ndi kukula kwa mkwiyo. Mnzako wakhoza bwino masamu ndipo waimika dzanja kawirikawiri m'kalasi, iwe ukupsa mtima mpaka usiku, ukumanena kuti ndi wodzionetsera. Mwina ndi wodzionetseradi. Koma nchifukwa chiyani zikukuwawa iwe kuposa ena onse? Kawirikawiri pansi pake pamakhala kaduka, kapena chikhumbo chako chofuna kuonedwa, kapena mantha akuti kunyumba adzakuyerekeza ndi iye.

Tikachipeza, tichite nacho chiyani?

Aphunzitsi ambiri a pa intaneti amati ukapeza mbali yako yobisika uilandire. Mawu amenewa akufunika kuwamvetsa bwino. Kuvomereza kuti ndili ndi kaduka ndi chilungamo, ndipo nkofunika. Kunena kuti ndi mmene ndilili, aliyense andipirire, kumeneko ndi kugonja. Msilamu amavomereza chilema pofuna kuchichiza.

Kuchiza kwake sikutanthauza kupha mkwiyo kapena chilakolako. Al-Ghazali adaphunzitsa kuti mphamvu zimenezi zidaikidwa mwa ife ndi cholinga. Wopanda mkwiyo ngakhale pang'ono sangateteze mwana wamasiye akuponderezedwa. Chofunika ndi kuziweta, monga momwe ng'ombe yaukali imaphunzitsidwira kukoka ngolo. Njira yake ndiyo kuchita mobwerezabwereza ntchito yotsutsana ndi chilemacho mpaka izolowereke. Waumbombo adzikakamize kupereka, ngakhale chikhale chidutswa cha sopo. Wakaduka amupempherere dua mnzake uja pomutchula dzina, ndipo amuyamikire pamaso pa anthu. Wodzikweza asese m'kalasi tsiku limene si lake. Poyamba zimalemera, ndipo mtima umanena kuti ukunamizira. Pitirizani. Abu Dharr adayamba ndi chovala chimodzi.

Pa mkwiyo, Sunnah idatipatsa zochita za nthawi yomweyo: kupempha chitetezo kwa Allah kwa Satana, kukhala chete, kukhala pansi ngati waimirira, kugona ngati mkwiyo sukuchoka, ndi kuchita wudhu. Zonsezi zimapereka mpata pakati pa kupsa mtima ndi kutulutsa mawu, ndipo mumpata umenewo ndi momwe munthu amatha kusankha.

Malire atatu oyenera kuwasunga

Choyamba, ganizo loipa longodutsa mumtima si tchimo. Mtumiki (SAW) adatiuza kuti Allah adakhululukira ummah wake zimene mitima imanong'ona malinga munthu sadazilankhule kapena kuzichita. Imam Muslim adalembanso za maswahaba amene adabwera ali ndi nkhawa chifukwa cha maganizo amene ankaopa ngakhale kuwatchula, ndipo Mtumiki (SAW) adawalimbitsa mtima kuti kudana nawo maganizowo ndi chizindikiro cha chikhulupiriro chenicheni. Choncho muhasaba isasanduke chikwapu chodzikwapula nacho usiku wonse. Mphindi zochepa zikwanira, ndipo zithere pa istighfar ndi chiyembekezo.

Chachiwiri, zimene mwazipeza si zolengeza. Chisilamu chimaletsa munthu kuulula machimo amene Allah wamubisira. Musazilembe pa WhatsApp kapena pa Facebook. Mukafuna uphungu, pitani kwa munthu mmodzi wokhulupirika. Ngati mudalakwira munthu, pitani kwa iyeyo mukapepese ndi kubweza zake.

Chachitatu, pali kusiyana pakati pa chilema ndi chilonda. Mwana amene adagwiriridwa, amene amamenyedwa mwankhanza, kapena amene adataya makolo ake, mantha ndi mkwiyo wake zimachokera pa zimene adachitiridwa. Mlandu si wake, ndipo sayenera kulimbana nazo yekha ndi kope usiku. Auze mphunzitsi wamkulu, mayi woyang'anira atsikana, kapena wamkulu wina amene amamukhulupirira. Nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza ana m'dziko muno. Amene wakhala masabata osagona, osafuna kudya, kapena akuganiza zodzipha, apite naye kuchipatala msanga. Kupita kuchipatala sikutsutsana ndi tawakkul. Katswiri wa Chisilamu Abu Zayd al-Balkhi, yemwe adamwalira mu 934, adalemba buku lonena za kusamalira thupi ndi nafsi pamodzi, momwe adafotokozamo za mantha, mkwiyo, chisoni ndi maganizo obwerezabwereza ngati mavuto ofunika chithandizo.

Ntchito ya teremu ino

Wophunzira aliyense apatule masamba angapo kumapeto kwa kope lake, kapena akhale ndi kakope kapadera. Kwa masiku 14, ikatha swala ya Isha, akhale pansi mphindi 5 ndi kuyankha mafunso awa mwachidule:

1. Ndi chiyani lero chimene chidandipsetsa mtima, kundichititsa manyazi kapena kundipatsa nsanje?
2. Kodi mkwiyo wangawo udalingana ndi chimene chidachitika, kapena udapyola?
3. Ngati udapyola, ndinkaopa kutaya chiyani: ulemu, malo, chikondi cha wina?
4. Mawu kapena mchitidwe umenewu ndidayamba kuumva kapena kuuona kuti?
5. Ndi ntchito iti imodzi yotsutsana nawo imene ndichite mawa?

Masiku 14 akatha, werengani zonse kuyambira pachiyambi. Mudzaona kuti mayina a anthu akusintha koma nkhani ndi imodzimodzi. Limenelo ndilo khwawa lanu. Sankhani chilema chimodzi chokha ndi kulimbana nacho mpaka teremu ithe. Kopeli sitidzaliyang'ana ndipo silidzapatsidwa malikisi. Tikupempha makolo ndi anzawo ogona nawo kuti asalitsegule.

Kwa makolo ndi a komiti

Makolo athu olemekezeka, funso lachinayi lija nthawi zambiri lidzaloza kunyumba. Izi zisatikhumudwitse, pakuti nafenso tidatengera kwa amene adatilera, iwonso kwa awo. Koma unyolo umenewu ukhoza kudukira pa ife. Timvetsere mawu amene timatchulira mitundu ina ana ali pomwepo. Tione mbale imene wantchito wapakhomo amadyera ndi malo amene amagona. Tipewe kuyerekeza mwana ndi mbale wake, chifukwa kaduka wa pakati pa abale amamera pamenepo, ndipo Surah Yusuf yonse ikutionetsa kumene amathera. Mwana amene waona bambo ake akupepesa kwa mayi ake waphunzira tawba kuposa momwe tingamuphunzitsire m'kalasi chaka chathunthu.

Akuluakulu a komiti, mikangano ya m'mizikiti yambiri imabwera itavala chovala cha dini: ndani atsogolere swala, ndani asunge ndalama, dzina la ndani litchulidwe pa Jumu'ah. Musanalowe mumsonkhano, aliyense adzifunse funso limene al-Ghazali adadzifunsa ku Baghdad: kodi ntchitoyi itachitika bwino koma ndi manja a wina, dzina langa osatchulidwa, ndingasangalale? Ana athu amaona mmene timatsutsirana, ndipo adzayendetsa mizikiti yawo momwemo.

Mafunso okambirana m'kalasi sabata yamawa

1. Tchulani mikhalidwe itatu ya nafsi ndi Surah zimene ikupezekamo.
2. Nchifukwa chiyani Abu Dharr (RA) adadabwa ndi mawu a Mtumiki (SAW), ndipo adasonyeza bwanji kusintha kwake?
3. Pa njira zinayi za Imam al-Ghazali, ndi iti imene ili yovuta kwa wachinyamata, ndipo nchifukwa chiyani?
4. Fotokozani kusiyana kwa kuvomereza chilema ndi kuchilekerera.

Tikupempha Allah kuti ationetse zilema zathu mwachifundo tikadali ndi nthawi yozikonza, atibisire manyazi athu, achize mitima ya ana athu amene avulazidwa, ndipo aike chikondi pakati pa mabanja onse a pasukulu pano. Ameen.